Paipi Yopanda Msoko

Sowo inayamba kulira m'shedi mayi akuyanika zovala. Anabweza malaya m'beseni n'kutchera khutu. Chitseko cha shediyo chinali chotseka, monga dzulo ndi dzana.

Amuna awo, mmisiri wopala zitsulo pa makina, sankatseka chitseko pogwira ntchito. Ankati fungo la oyilo limawapweteketsa mutu. Koma zinthu zinasintha pakhomopo chibwerereni mwana wawo wamkazi kuchokera kuchipatala, nsagwada itamangidwa ndi mawaya. Anamuthyola ndi mwamuna wake yemwe. Apolisi anamugwira mkamwiniyo, kenako anamutulutsa pa belo, ndipo tsopano ankadutsa pamsewu wawo akuimba mluzu.

Mayiwo zitsulo ankazidziwa, poti anamera imvi ali nazo pakhomo. Pathandala la m'shedimo chilichonse chinali ndi malo ake. Aluminiyamu ankakhala pamwamba chifukwa ndi wopepuka, mkuwa pakati, ndipo pansi pankakhala chitsulo chofewa cha mahinji ndi mabawuti. Chitsulo chilichonse bambowo ankachipaka penti kunsonga kuti chisasokonezeke ndi chinzake. Sankagula chitsulo asanadziwe ntchito yake.

Sabata yatha, akusesa, mayiwo anapeza zina kuseri kwa thandalalo, zokulungidwa m'chiguduli. Munali paipi yokhuthala yopanda msoko, kachitsulo kolimba, ndi sipuling'i. Zonse zinalibe penti. Panalibe kasitomala amene anaitanitsa zotere. Anakweza paipiyo n'kusuzumira mkati. Munali mopalidwa kale, mosalala, ndipo kumapeto kwake anaona kuwala kwa pawindo. Anakumbukira zimene bambowo ananena pakhonde la chipatala, akukukuta mano: "Ameneuja tikadzakumana, mudzamva mbiri yanga."

Mayiwo sanapite kunkhondo, koma sanafunike wowauza kuti chimene chinkapangidwa pamenepo chinali mfuti. Anakulunganso chigudulicho n'kuchibwezera.

M'mawa mwake pachitseko cha shedi panaoneka loko watsopano, kiyi ali m'thumba la bambo. Chakudya ankangochitokosa. Ukawalankhula ankayankha ndi mphuno.

Mayiwo analibe womuuza. Akanapita kupolisi ndiye kuti akapereka amuna awo ndi manja awo. Kwa abusa nkhani ikanafika mumpingo monse dzuwa lisanalowe. Mwana wawo ndiye sakanayerekeza n'komwe kumuuza, anali atavutika mokwanira. Chinkawawawa kwambiri n'chakuti lokoyo anatsekera kunja ngakhale mwanayo. Shediyo ndi imene inayamba kumubwezera moyo. Anali atayambanso kuima pa makina monga ankachitira ali mtsikana, n'kumapita kukagula zitsulo m'malo mwa bambo ake, amene bondo linkawavuta. Tsopano ankangokhala pakhonde, manja pamiyendo, maso pamsewu.

Sowo ija inalirabe. Mayiwo anapukuta manja pachovala chawo, anadutsa mwana wawo pakhonde osamuyang'ana, n'kukagogoda.

"Tsegulani, bambo. Ndine."

Sowo inaleka. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka pang'ono, iwo n'kudzipanikiza kulowa. Paipi ija inali pachopanira, sowo italowa mpaka pakati. Thukuta linali litanyowetsa malaya a bambowo.

Mayiwo anagwada pansi, pa zinyenyeswa za zitsulo, osamva n'kubaya komwe.

"Ndinaziona," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziwa chimene mukupanga. Nanenso munthu ameneuja ndimamufunira zoipa, Mulungu andikhululukire. Koma mukamupha, akunyongani kapena mukafera kundende. Mwanayu wataya banja, wataya mano, ndiye ataye bambo akenso? Ine nditsala ndi ndani? Chonde, kaponyeni zimenezi m'chimbudzi."

Bambowo anawayang'ana. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene tulo tinamuthawa kalekale. Anapita kukatseka chitseko bwinobwino, n'kubwera kudzakhala pa chitini cha oyilo, pafupi ndi akazi awo. Anatsegula dilowa ya pansi pa tebulo. Munali tizidutswa ta paipi ina yokhuthala, toduladula ngati nzimbe.

"Dzukani, mayi," anatero monong'ona. "Ine sindikupanga kanthu, ndikuwononga. Iyi ndi yachiwiri. Yoyamba ndinaidula, iye anakagula ina."

"Iye ndani?"

Bambowo analoza kukhonde ndi mutu.

"Mwana wathu. Ndipo ntchito yake ilibe polakwika, mayi. Ndinamuphunzitsa ndine."