Mandimu Asachuluke

"Vinyo woyera uyu satsekemera, amayenda bwino ndi nsomba yowotcha," anatero mayi wopanga vinyo, akuthirira mlendo m'tambula.

Mlendoyo analawa. "Andiuza kale achikulire aja, m'chipinda cha migolo muja. Ati mandimu asachuluke pansombapo, amapha vinyo."

Mayiyo anaika botolo patebulo. Mawu amenewo anali a bambo ake, omwe anamwalira mphesa za vinyoyu zisanapse. Chipindacho chinali chokhoma, ndipo kiyi wake anali m'thumba mwa mayiyo chiyambire m'mawa.

"Anenanso china?" anafunsa motsitsa mawu.

"Eya. Ati wa chaka chinoyu waposa amene ankapanga iwo."

Apo m'pamene thupi la mayiyo linachita tsembwe. Bambowo ali moyo sanamuyamikirepo n'kamodzi komwe.