Shoti ndi Dzanja la Alamu Ake

Panali munthu wina wokonza magetsi amene anzake ankamutchula kuti Shoti. Nkhani yakeyi ndikuipereka monga momwe anandiuzira mayi wina amene timapemphera naye, osawonjezerapo kanthu.

Ntchito Shoti ankaidziwa, koma anali ndi masewera oipa. Mnzake akangolowetsa dzanja m'bokosi la mawaya, iye ankamuzembera kumbuyo ndi matabwa awiri n'kuwamenyanitsa, phwaa! Munthu ankadumpha poganiza kuti magetsi amugwira, pulaya uko, chipewa uko, Shoti akugubuduzika ndi phwete.

Kapitawo anamuchenjeza kangapo. "Iwe Shoti, pantchito ino phokoso limenelo limatanthauza maliro. Usiye."

"Bwana, ndimangowayeza mtima," ankatero Shoti. "Wamagetsi wamantha ngwachiyani?"

Pagulu lomwelo pankagwiranso ntchito mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake aakulu. Anali bambo ofatsa, ndipo asanakhudze waya ankayamba avula chipewa n'kupemphera. N'chifukwa chake ankawatchula kuti Abusa. Chaka china Abusa anagwidwa ndi magetsi enieni, munthu wina atayatsa swichi yaikulu iwo akulumikiza mawaya kudenga. Anatuluka m'chipatala ndi chipsera pachikhatho komanso mantha mumtima. Chitseko chikangomenyetseka, ankadzidzimuka.

Patapita miyezi, kapitawo anavomera kuti abwerere, koma anawauza mosabisa. "Ndikuyesani kaye. Ndikaona dzanja likunjenjemera, sindikusungani. Sindifuna kukapepesa maliro kwa akazi anu."

M'mawa wa tsikulo achemwali anamuimbira foni Shoti. "Iwe, alamu ako akubwerera kuntchito lero. Anawa akudya chifukwa cha dzanja limenelo. Chonde, masewera ako aja osati pa iwo."

"Aa, achemwali, mukundiyesa mwana? Gonani tulo."

Ankaika magetsi m'nyumba ya maofesi imene inali isanathe kumangidwa. Abusa anazimitsa okha swichi yaikulu, n'kuyeza mawaya ndi tesita mobwerezabwereza. Atapemphera anakwera makwerero. Poyamba ankagwira mwamantha, koma dzanja linakumbukira ntchito yake. Posakhalitsa anayamba kung'ung'udza kanyimbo, ndipo anzawo anayang'anana mosangalala.

Shoti anaona matabwa awiri pakona, manja n'kuyamba kumuyabwa.

"Shoti, usayerekeze," anamunong'oneza mnzake wina.

"Mantha amachoka ndi mantha anzake, aise. Akangoseka, achira."

Anayenda monyang'ama mpaka pansi pa makwerero. Phwaa!

Abusa sanagwe, ndiponso sanakuwe. Anangokumbatira makwerero, maso atatsinzina, pulaya n'kugwera pansi. Shoti anaseka, koma anazindikira kuti akuseka yekha.

"Alamu, ndi matabwa chabe! Taonani, matabwa!"

Abusa anakakamirabe makwerero. Anzawo anachita kukwera n'kuwakanganula zala, n'kuwatsitsa ngati mwana. Anawakhazika pachidebe cha penti n'kuwapatsa madzi, koma madziwo anathera pamalaya chifukwa kapu inkagwedezeka m'manja. Kapitawo analowa nthawi yomweyo.

"Bwana, wolakwa ndine," anatero Shoti. "Anali akugwira bwinobwino. Ndimangosewera nawo, si alamu anga?"

"Ndikudziwa kuti ndiwe," anayankha kapitawo. "Tola zida zako, usadzapondenso pano. Koma kukuchotsa iwe sikuimitsa dzanja ili."

Anatola pulaya n'kuwapatsa Abusa modekha. "Tayesani kugwira, bambo."

Anayesa. Pulaya inkangogundana mano. Anagwira dzanjalo ndi linzake, koma onse awiri ankanjenjemera. Anaiika pansi.

"Musavutike kundiuza, bwana," anatero Abusa. "Ndamva ndekha."

Tangoganizani, abale! Munthu wavutika miyezi yonseyo kutolera mtima wake pang'onopang'ono, akupemphera, ana akumuyang'ana m'manja, wina n'kudzaumwaza kuti angoseka basi. Chimenecho n'chibwana kapena nkhanza?

Shoti anatha masiku akuopa kukaonekera kwa achemwali ake. Tsiku limene analimba mtima, anafika madzulo n'kupeza chitseko chili chotsegula. Achemwali anali ataimirira pampando pakati pa balaza, akuchotsa babu lakufa. Abusa anali atakhala pakona, manja atawapanikiza pakati pa mawondo, akuyang'ana pansi.

"Achemwali, tsikani, ndikuikireni," anatero Shoti.

Achemwali sanatembenuke n'komwe. "M'nyumba muno munali wamagetsi woposa iweyo kutali. Lero babu ndikuika ndine. Wabwera kudzaseka? Seka, tikumvere."

"Ndabwera kudzapepesa."

"Pepani wakoyo akagulitsidwe kumsika uti kuti ana adye?"

Abusa anadzutsa mutu. "Amayi a ana, ndi mlamu wanga ameneyo. Mpatseni mpando."

"Mpando ndapondapo," anayankha achemwali, n'kupitiriza kupotokola babu.

Shoti anangoima pakhomo. Amene anandiuza nkhaniyi akuti mpaka lero Abusa sanagwirenso waya. Tiziwakumbukira m'mapemphero, iwo ndi banja lawo, ngakhalenso Shoti yemweyo.

Phunziro: Masewera amene akusangalatsa iwe wekha si masewera ayi. Sudziwa bala limene mnzako wanyamula, ndiponso sudziwa kuti ndi angati amene akudya chifukwa cha dzanja lake. Anzako akakuletsa, imva, pakuti "ndimangosewera" sabweza chimene chawonongeka. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu, makamaka amene amagwira ntchito zoopsa, mwina ingafike kwa Shoti wina asanatole matabwa ake. Mulungu atipatse mtima woganizira anzathu.