Tchati cha Mwana Wanga

"Mzere wofiirawu ndi ife?" anafunsa bambo ake ataima pakhomo pa ofesi, ovololo ili mbuu.

"Eya, bambo," anayankha mwana wawo wamkazi, mtsikana wogwira ntchito muofesimo, akuyang'ana tchati. "Wobiriwirawu ndi dziko loyandikana nafe. Ndi laling'ono ngati lathu, koma limaitanitsa phala lopangira mapepala lochuluka kuposa ife."

Tchaticho anajambula ndi iyeyo. M'mawa womwewo mabwana anali atachiyang'ana n'kugamula kuti fakitale itsekedwe, makina asamukire kudziko linalo. Anamuuza kuti asauze munthu mpaka mwezi uthe. 

Bambo akewo anayamba kuyendetsa makina odulira mapepala iye asanabadwe.

"Sukulu ija sinapite pachabe," anatero. "Palibe chotsala, nanenso ndisungeko?"

Mtsikanayo anatsegula dirowa n'kuwapatsa chimodzi.

Masana, podutsa kumakina, anapeza tchaticho chitamatidwa pakhoma, anzawo a bambowo atachiunjirira. Wina atamuona anayamba kumuwombera m'manja, enawo n'kutsatira. Iye anangoima.

"Wajambula ndi mwana wangayu," ankatero bambo ake mokweza kuti amveke paphokoso la makina. "Ndamva kuti mabwana achikonda kwambiri."