Chisoni Chake Anachisiya ku Laibulale

Ndinamuuza mdzukulu wanga Ndaziona kuti, "Iwe, maliro a mayi ako usapite nawo ku laibulale. Chisoni sapatsa makina." Iye anangoti, "Agogo, inu mumaopa chilichonse, ndi wailesi yomwe."

Lamulo la masiku ano likuti mwana akaoneka akulira kusukulu, azipita ku laibulale, kukachipinda ka kuseri kwa mabuku. Kumeneko amauza makina zomupweteka, makinawo n'kuzichotsa m'mutu mwake, n'kuziika pashelefu. Ine ndinkamubisa Ndaziona. M'mawa ndinkamusukusula ndi madzi ozizira kuti maso asaoneke kutupa. Chitenje cha mayi ake ndinachiika pansi pa thumba la nyemba kuti asamachinunkhize. Koma mwana anali atasiya kudya, tulo osabwera. Tsiku lina anapita yekha osanditsanzika.

Anabwerako akuimba. Anadya mpaka kupempha zina, ndipo anzanga anati ndithokoze.

Ndinapita kukapempha kuti andibwereke zimene anasiyazo. Mtsikana wolandira anthu anati, "Pepani agogo, timabwereka mwiniwake yekha." Nanga mwiniwakeyo akudziwa kuti anasiyako kanthu?

Dzulo mudzi wonse unapita kukalambula kumanda. Ndaziona anazula udzu pamtumbira wa mayi ake bwinobwino, si waulesi ayi. Kenako anatsamira khasu, n'kundiyang'ana.

"Agogo, mukulira chonchi, muno mwagona ndani?"

"Mwana wanga," ndinatero.

"Pepani kwambiri," anatero, akundipukuta misozi ndi chikhatho. "Mawa ndikuperekezeni ku laibulale, mukachira."