Mchenga Wopanda Ofesi

Lachitatu, nthawi ili 9:40 m'mawa, kalaliki wa ku ofesi ya zamalo anabweza fomu yopanda chidindo.

Mayi woyendetsa zilolezo za alendo ojambula filimu anaiyang'ana fomuyo osaitola. Anali atazungulira maofesi a pachilumbapo masabata asanu ndi limodzi. Chilolezo cha makamera chinatuluka, cha boti chinatuluka. Chinatsala ndi chilolezo chojambulira pa kamtunda ka mchenga kuseri kwa doko, kamene kamaonekera madzi akaphwera kwambiri, kawiri pamwezi.

"Chidindo chathu chimathera pomwe mafunde amalekezera, mayi," anatero kalalikiyo. "Apo ndi panyanja. Pitani kwa a zapanyanja."

"Ndikuchokera komweko, achimwene. Akuti iwo sadinda pouma."

"Ndiye muwapeze pakanyowa."

"Pakanyowa tijambula chiyani? Nsomba?"

Kalalikiyo anaseka, n'kutseka kabokosi ka inki.

Pawindo mayiyo ankaliona boti. Alendo khumi ndi anayi anali atakweza kale katundu, ndipo mkulu wawo anaima padoko, dzanja lili pamphumi, maso ali ku ofesiko. Dzulo lake mayiyo anali atamuuza ndi pakamwa pake kuti zonse zatheka. Ndege yawo inali ya Loweruka, ndipo mchengawo ukamira lero unali wodzaonekanso patatha masabata awiri.

Foni ya mayiyo inalira m'chikwama mwake. Sanaiyankhe.

Nthawi itakwana 11:15 madzi anaphwera, mchenga unatuluka, woyera mbee, wopanda phazi la munthu. Fomu inali idakali pakauntala.