Makilo 72 a Bambo Wyson

Panali bambo wina wa ku Chulu, dzina lake a Wyson, venda wa fodya. Sikelo ankaidziwa kuposa Baibulo: pokanikiza, potsamira, zonse. Koma thupi analibe, anali kamunthu kowonda ngati ndodo ya m'chigafa, pomwe akazi awo a Ezelina anali mayi wathupi. Anzawo pabawo ankawaseka kuti, “A Wyson, mphepo ikawomba muzigwira chitenje cha alamu!”

Tsiku lina anawagoneka kuchipatala kuti awachite opaleshoni ya chotupa cha pachinena. Nesi anawauza kuti akwere pasikelo, a Ezelina ali pomwepo. Bambo aja manyazi anawagwira. Anapititsa dzanja kumbuyo, n'kugwira chitsulo cha pazenera, n'kuchikokera m'mwamba mwakachetechete kuti thupi likanikize sikelo. Sikelo inathamanga mpaka 72. Nesi analemba.

Kutacha kunabwera mayi Modester, dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni. Anayang'ana pepala, anayang'ana munthu.

“Bambo, 72 imeneyi mwaibisa pati?”

“Ndi mafupa, adokotala. Kwathu tonse ndife olemera mafupa.”

“Ndikufunsa chifukwa pali mankhwala ofooketsa minofu kuti madokotala agwire bwino ntchito. Timapereka poona thupi la munthu. Akachuluka amachedwa kutha, ndipo munthu sangapume yekha. Tikayezenso?”

“Aaa, sikelo ya boma inganame?”

Mayi aja anachepetsako mankhwalawo poona okha ndi maso, komabe anapitirira muyezo wa kathupi kaja.

Opaleshoni inatha bwino. Tulo tinayamba kuwachoka a Wyson, makutu anatseguka, koma thupi linakana. Ati atsegule maso, zii. Ati akoke mpweya, chifuwa chili duu ngati belo la fodya. Ati akuwe, lilime losasuntha. Mumtima anati, basi, ndadzipha ndekha ndi chitsulo cha pazenera.

Kenako anamva mawu pafupi ndi khutu.

“Bambo Wyson, ndikudziwa mukundimva. Musaope. Ndikukupumirani ine.”

Anali mayi Modester. Paipi yopumira imene anawaika kukhosi sanaichotse, anali akufinya chithumba cha mpweya ndi manja, kufinya, kusiya, kufinya, kusiya. Nesi anati, “Amayi, manja atopa, ndikulandireni.” Iwo anati, “Ayi, ameneyu ndamugoneka ndine, ndimudzutsanso ndine.” Sanasunthe pamenepo, nthawi ya chakudya inadutsa, akungowalankhula ngati mwana, mpaka chala cha a Wyson chinagwedezeka.

“Finyani dzanja langa. Eya. Tsopano dzutsani mutu, muugwire choncho.”

Mutu utakhazikika m'mwamba, m'pamene anachotsa paipi.

Patapita masiku awiri mayi aja anabwera kuwodi atanyamula sikelo okha. Sanakalipe. Anangoiika pakati, kutali ndi zenera.

“Kwerani, bambo. Manja pamutu.”

Sikelo inaima pa 53. A Wyson anagwetsa nkhope. A Ezelina anaseka mpaka misozi.

“Ndiye mumabisira ine? Abambo, pobwera kuno ndinakukwezani panjinga ndine, ndipo sindinatsike pachitunda n'chimodzi chomwe!”

Phunziro: Sikelo ya fodya ukaipusitsa amalira ndi wina, ya kuchipatala ukaipusitsa umalira ndiwe. Kaya ndinu owonda kaya onenepa, nenani thupi lanu mmene lilili, chifukwa mankhwala aja amachoka m'thupi mosiyana. Ndipo muziwalemekeza anthu ogonetsa aja, amagwira mpweya wanu m'manja inu muli chigonere. Tumizirani ena, makamaka mavenda.