Dzino la Macheka

Pampopi ku Chawama, Norah wa ku saluni anawerama kuti atunge, ndipo ndinaona chimene chinali pakhosi pa khanda lake: dzino lakuda la nsomba ya shaki, lotambalala, m'mbali mokhala ngati macheka.

Ndinalizindikira. Amuna anga a Dyton amayendetsa lole ku Namibia, ndipo anabwerako ndi mano awiri akalekale, osanduka mwala. Anawaika padzanja panga n'kundiphunzitsa: lowonda losalala ndi la shaki yodya tinsomba, la macheka ndi la yaikulu yong'amba nyama. Lowondalo tinamuveka mwana wathu wamkazi, Tiwo, kuti mano amere bwino. Lalikululo anati linatayika m'lole.

"Ba Norah, aka kadzino munagula kuti?"

"Sivogula ivi, mami," anatero akuseka. "Ni batate bake. Bakuti mwana mwamuna afunika likulu."

Madzi anasefukira m'chigubu changa. Sindinatseke.

"Bweretsani nimunyamuleko."

Anamumasula kumbuyo n'kundipatsa. Anali wolemera kuposa Tiwo. Ndinamuvula kachipewa, n'kumutembenuzira kudzuwa kuti ndione bwino makutu ake.